Tebulo la a Pakati

Zaka khumi ndi ziwiri zinatha kalipentala ali mkamwini wa a Pakati, ndipo pa zaka zonsezo sanamvepo pakamwa pawo mawu akuti "mwapanga bwino." Sikuti sankayesetsa. Zitseko za m'nyumba mwa apongozi akewo anakhoma ndi iye, kabati ya mbale ndi iye, ngakhale bedi limene ankagonapo. Akamaliza ntchito, mkuluyo ankabwera manja ali kumbuyo, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa thabwa ngati akufufuza fumbi, kenako n'kunena kuti, "Chigwira ntchito." Basi. Mawu omwewo ndi amene ankanena akagula tsache.

Wina akanangozitaya. Koma kalipentala anali ndi mtima wosunga zinthu. Makasitomala ankamutama mpaka kumutumizira anzawo, iye n'kumangomwetulira ngati zikunenedwazo n'za munthu wina. Kutama kumene ankakufuna kunali kwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali woumira mawu ngati amachita kuwagula.

A Pakati anali wokonza mfuti, wa chiphaso chake chopachika pakhoma. Shopu yawo inali kachipinda kopapatiza, konunkha oyilo, kuseri kwa msewu wa okonza njinga ndi owotcherera zitsulo. Chimene chinawatchukitsa chinali kuwongola galasi la pamfuti, lija loonera patali lokhala ndi kamtanda mkati. Galasi likasokonekera, kamtanda kamaloza pena, chipolopolo n'kupita pena. Ndiye alenje ndi alonda a m'mafamu ankabwera nazo mfuti zawo kwa mkuluyu, iwo n'kupita nazo kunja kwa tauni, m'dzenje lakale limene ankaswamo miyala. Kumeneko ankagoneka mfuti patebulo, pa timatumba ta mchenga, n'kuwombera katatu pepala loimikidwa pa mtunda wa mamita zana. Mabowo atatuwo akagundana, ndiye kuti mfuti ili bwino, chatsala n'kupotokola tizitsulo ta pagalasi mpaka mabowo asamukire pakati pa pepala. A Pakati mabowo awo atatu unkatha kuwaphimba ndi chitsekerero cha botolo. Dzina lija linachokera pamenepo, lenileni anthu n'kuliiwala.

Ndiye tangoganizani mmene mtima wa kalipentala unadumphira Lolemba lina m'mawa ataona apongozi ake aima pakhomo la shedi yake, akulambalala utuchi kuti usawadetsere nsapato. Sanali munthu woyendera ana. Akafuna kanthu ankatuma mawu kudzera mwa mwana wawo wamkazi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero kalipentala, akusiya puleni n'kupukutira manja pa ovolosi.

"Tadzuka. Ndikufuna tebulo."

"La kunyumba?"

"La kuntchito. Lakale lija lakalamba, layamba kugwedera. Ndinagula lachitsulo lopinda lija la m'sitolo, koma limavina ngati lamwa. Ndayesa padiramu, ndayesa pa boneti ya galimoto, zonse n'zamasewera." Anatsokomola pang'ono. "Mfuti siifuna zambiri, mkamwini. Imafuna pogona posasuntha. Tebulo likasuntha ngati tsitsi limodzi kuno, kupepala kuja ndi chikhatho chathunthu."

"Ndamva, bambo. Mukulifuna liti?"

"Loweruka la sabata yamawa kukubwera adokotala a ziweto. Mfuti yawo yabwerera kawiri. Akuti ulendo uno akufuna adzaonerere ndi maso awo."

Kuti mfuti ibwerere kawiri kwa a Pakati inali nkhani yachilendo, koma kalipentala sanaiganizire. Iye anangomva chimodzi: apongozi abwera okha, ndi miyendo yawo, kudzapempha ntchito ya manja ake. Tsiku lomwelo anakankhira pambali mipando ya sukulu imene ankapanga, eni ake adikire.

Tebulo loyamba linatha Lachinayi, lolemera, la miyendo inayi, losalala ngati la mu ofesi. Lachisanu analikweza m'galimoto n'kupita nalo kudzenje kuja. Kunali kashedi ka malata kopanda makoma, pansi pali simenti yong'aluka. A Pakati anagoneka mfuti, onse awiri anavala zotseka m'makutu, ndipo mfuti inalira katatu. Anayenda limodzi kukaona pepala. Bowo lina linali pamwamba, lina kumanzere, lachitatu m'mphepete penipeni, ngati mbuzi zothawa khola.

"Likugwedera," anatero a Pakati.

Kalipentala atabwerera anakanikiza ngodya ya tebulo, ndipo linatidi gwede. Simenti inali yosalingana, mwendo umodzi unali m'malere. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Mpando wa miyendo itatu sugwedera ngakhale uuike pa chulu, zimenezi amazidziwa ngakhale munthu amene wagwira sowo sabata imodzi. Iye anali atatanganidwa ndi kusalaza pamwamba kuti chala cha apongozi chidzaterereke.

Tebulo lachiwiri lija sanalipange ndi manja okha, analipanga ndi mkwiyo. Miyendo itatu yotangadza, uliwonse kunenepa ngati ntchafu ya munthu. Pamwamba anasanjikiza matabwa awiri okhuthala, n'kudula mbali imodzi mokhota kuti wowombera azilowamo ndi mimba, chigongono chizipeza pokhala. Msomali sanakhomemo ndi umodzi womwe, poti misomali imakhwepa mfuti ikamagunda tsiku ndi tsiku. Mwendo uliwonse unkalowa m'bowo lake n'kutsekeredwa ndi chikhomo cha mtengo wolimba, kuti pofuna kulinyamula uzingogulula zikhomo, tebulo n'kumasuka. Kutsogolo anaikako chipika chokhala ndi bawuti wokweza ndi kutsitsa. Mkazi wake, yemwe anali telala, anasoka timatumba tiwiri ndi miyendo ya jinzi yakale. Mchenga anachita kuutsuka, kuuyanika palata masiku awiri, kenako kuusefa. Podzaza anakumbukira zimene apongozi anamuuza: thumba likauma ngati mwala mfuti imadumpha, likafewa kwambiri imamira.

Lachitatu la sabata yachiwiri anakalimanga pansi pa kashedi kaja. A Pakati analizungulira kawiri manja ali kumbuyo. Anatenga hamala n'kugogoda chikhomo chilichonse, palibe chimene chinasuntha. Sananene kanthu, ndipo kwa munthu ngati iwo kusanena kanthu kunali chiyambi chabwino.

Kalipentala anali atabwera ndi umboni wake. Anadzaza kapu ndi madzi mpaka m'milomo, n'kuiika pakati pa tebulo. Analitsamira ndi thupi lonse, anamenya mwendo wina ndi bondo. Madzi anangoti phee.

"Zamatsenga zanuzo chotsani," anatero a Pakati, koma kapu sanaikhudze. Anakhala pampando, anagoneka mfuti pa timatumba, n'kuika diso pagalasi.

Kalipentala anaima chapambali, maso ali pa kapu. Madzi anali duu ngati aundana. Mtima wake unayamba kale kumwa wamkaka. Kenako, pongofuna kuona ngati chipika chakhala bwino, anayang'ana kukamwa kwa mfuti. Kunkayenda. Osati kwambiri, koma kunkalemba timizere tozungulira m'mwamba, pang'onopang'ono, osaleka. Anabweza maso pa kapu: phee. Anatsatira mpope wa mfuti ndi maso, kudutsa galasi, mpaka anafika pa dzanja lamanja la apongozi ake. Chala chachikulu ndi cholozera zinkanjenjemera ngati za munthu wa malungo. Mkuluyo anali ataluma mlomo, akudikira kamphindi koti dzanja limumvere, ndipo kamphindiko sikankabwera.

Mfuti inalira katatu, motalikirana kwambiri. Kenako anayenda kukaona pepala. Mabowo anali balalabalala ngati tsiku loyamba lija.

A Pakati anayang'ana pepala nthawi yaitali. "Mchenga wanu uja ndi wonyowa," anatero.

Mchengawo unali wouma moti ukanatha kuyetsemulitsa munthu. Mkamwini sauza apongozi ake kuti dzanja lanu latha, ngakhale atakhala kuti waliona ndi maso awiri. "Chabwino, bambo. Ndikauyanikanso."

Masana a tsiku lomwelo anapeza mkazi wake ali pamakina, akupinda m'munsi mwa diresi la kasitomala. Anakhala pa mpando wa oyesa zovala, timatumba tija tili pamwendo.

"Vuto si tebulo," anatero.

Makina sanaime.

"Ndikuti vuto si tebulo, mayi. Ndi dzanja la adadi anu."

"Ndikudziwa." Mayiyo anadula ulusi ndi mano. "Chinayamba chaka chatha. Inu simunaone kuti anasiya kumwa tiyi pa anthu? Mabatani a malaya amawamanga ndi amayi. Ndevu akukametetsa kwa ometa, munthu amene ankati kumetedwa ndi mwamuna mnzako n'chibwana."

"Ndiye bwanji osandiuza? Ndagona ndi utuchi m'mphuno sabata ziwiri!"

"Ndikanakuuzani mukanatani? Mukanawakanira?" Anamuyang'ana koyamba. "Kuchipatala akukana. Ife tonse m'nyumba muja timangoyang'ana kumbali. Mbalame ikatera pauta siilasika, bambo."

Kalipentala anafinya kathumba ka mchenga.

"Loweruka kuli adokotala aja," anapitiriza mkazi wake, mawu atatsika. "Mayi amene uja amayenda m'mafamu onse. Akadzaona yekha, pofika Lolemba aliyense wa mfuti adzakhala atamva. Zaka makumi anayi adadi akutchedwa dzina limene lija." Anabweza maso pa nsalu. "Tebulo lanulo, kodi silingagwedereko pang'ono? Tsiku limodzi lokha. Mayiyo akapita, tidzawanyengerera bwinobwino, asiye okha mwaulemu."

"Mukudziwa chimene mukundipempha?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye kuti pamaso pa mlendo, wolephera ndikhale ine. Kachiwiri."

"Inu muli ndi zaka zambiri zopanga matebulo ena," anatero mayiyo, n'kupondanso makina.

Zinamuwawa, tisanamizane. Chinthu chabwino koposa zonse zimene anapangapo chinali chitaima m'dzenje la miyala, ndipo munthu yekhayo amene maganizo ake anali ndi ntchito kwa iye anali woti akalione likugwedera. Lachinayi lonse anapala thabwa limodzi mpaka linapyapyala osagwiranso ntchito. Lachisanu anakalipira wogulitsa guluu popanda chifukwa. Ankati akaganiza zokana, ankaona mlomo uja wolumidwa ndi zala zija. Akaganiza zovomera, ankamva kale mawu a apongozi akuti, "Likugwedera," ndipo ulendo uno anali oti adzanena zoona.

Loweruka analawirira kudzenje, dzuwa litangotuluka, kusanafike munthu. Anagwada pansi pa tebulo lake ngati wakuba. Anasankha mwendo wakumbuyo, wa mbali imene wowombera amatsamira, n'kuyamba kugogoda chikhomo chakunsi. Chinakana. Anachimenya kasanu konse chisanatuluke, ndipo ngakhale pa ntchito yonyansa ngati imeneyo kamtima kena kananyadira kuti anachikhoma bwino. Anachiponya m'thumba la ovolosi. Atakanikiza ngodya, tebulo linati gwede, pang'ono chabe, mokwanira kuti munthu aone.

A Pakati anafika atavala malaya oyera ositidwa, mabatani onse ali m'malo mwake. Posakhalitsa kunatulukira galimoto yafumbi, n'kutsikamo adokotala a ziweto, mayi wamfupi wa majombo, woyenda ngati wachedwa kwina. Anapereka moni mwachidule n'kutulutsa mfuti m'chikwama chake chachitali.

"Ndiye tebulo latsopano lija ndi limeneli? Koma ndiye ndi chinyama," anatero. "Wapanga ndani?"

"Mkamwini wangayu."

A Pakati anakhala pampando, analowetsa mimba pokhota paja, n'kutsitsa chigongono. Tebulo linati gwede. Anadzutsa chigongono, linabwerera. Anatsitsanso. Gwede.

Adokotala anaseka. "Aa, akalipentala! Matabwa onsewa, tebulo n'kumavinabe? Ndiye mukanangobweretsa la kukhitchini."

"Pepani, mayi," anatero kalipentala, maso ali pansi. "Ndalakwitsa penapake. Mundipatse sabata imodzi ndilikonze." Mawuwo anatuluka mosavuta kuposa mmene ankayembekezera, koma m'kamwa munatsala kuwawa.

Zinayenda monga mmene mkazi wake anafunira. Adokotala anapukusa mutu n'kuyamba kutsegulanso chikwama. "Palibe chowombera apa, tingotaya zipolopolo. Ndibweranso Loweruka lamawa. Koma chonde, bambo, ulendo umenewo zitheke. Mfuti iyi sindisakira nyama ine. Ndimaitenga pakakhala chiweto chimene chikuvutika ndipo sichikuyandikirika. Mwezi watha kunali nkhunzi yothyoka mwendo, yolusa. Ndinaloza kuseri kwa khutu, chipolopolo chinakalowa m'phewa. Inalira theka la ola, ana a mwini wake akuonerera. Zimene zija sindikufuna kudzazionanso."

A Pakati anali atakhalabe pampando, akuyang'ana thabwa la patsogolo pawo. Njira yothawira inali yotseguka, anangofunika kudzuka n'kunena kuti tionana Loweruka. Kalipentala ankawapempherera mumtima kuti adzuke.

"Taimani kaye, adokotala," anatero mkuluyo.

Anatsika pampando pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, malaya oyera aja n'kukhudza fumbi. Analowetsa mutu pansi pa tebulo. Anapapasa mwendo woyamba, anapapasa wachiwiri. Pa wachitatu chala chawo chinalowa m'bowo.

"Mkamwini."

"Bambo."

"Chikhomo cha apa chili kuti?"

"Mwina chinagwa, bambo."

"Chinagwa." Anatulutsa mutu n'kumuyang'ana ali chogwada. "Chikhomo chimene ndinachimenya ndi hamala Lachitatu n'kundikanira, chagwa chokha. Ndiye pogwapo chasiya mabala a hamala pamwendo, atsopano, oyera." Anatambasula dzanja. Linkanjenjemera poyera, ndipo sanalibise. "Tulutsani."

Kalipentala anaima ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja, bambo wa ana atatu. Anapisa m'thumba n'kutulutsa chikhomo.

"Musandipatse ine. Khomani."

"Bambo, mwina tikanati..."

"Ndati khomani. Mmene munakhomera poyamba."

Adokotala anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kuona kuti nkhaniyi si yawo. Anapita kukaima pafupi ndi galimoto yawo ngati akufuna kanthu m'menemo.

Kalipentala anagwada pamene panagwada apongozi ake. Akanatha kuchikhoma mwachinyengo, kuchisiya chokhwepa, koma mkuluyo anali ataima pamutu pake, ndiponso dzanja la mmisiri lili ndi khalidwe lake. Anamenya katatu, chikhomo chinalowa mpaka phokoso linasintha. A Pakati anakanikiza ngodya ndi manja awiri. Tebulo linali nji, ngati lamera pamenepo.

"Bwerani muonerere, adokotala. Ndi zimene munabwerera."

Anagoneka mfuti pa timatumba. Ulendo uno sanadikire nthawi yaitali ngati Lachitatu. Anawombera katatu motsatizana, monga ankachitira kale, anatsegula mfuti n'kuisiya patebulo. Anthu atatu anayenda kupita kupepala, a Pakati ali patsogolo. Mabowo anapezeka awiri okha, lina kumtunda, lina kumunsi, pakati pake pokwana chikhatho ndi theka. Lachitatu linali pa thabwa logwiriza pepala.

Adokotala, mayi wa pakamwa posachedwa uja, anangoti maso pa majombo awo.

"Mwaona," anatero a Pakati. "Tsopano tiyeni mukawombere inu."

Anamata pepala lina pambali pa loyambalo. Atabwerera, adokotala anakhala pampando, mkuluyo ataima kumbuyo kwawo. "Mpope usakhudze thabwa, mfuti igonere pa thumba. Kathumba kakumbuyoko muzikafinya ndi dzanja lamanzere, ndi kamene kakukwezereni kapena kukutsitsirani. Musaigwire ngati mukuikama. Tulutsani mpweya, theka. Chala chiziyenda chokha."

Mabowo a adokotala anagundana atatu onse, kumunsi chakumanzere, moti ndalama yachitsulo ikanawaphimba. A Pakati anayeza ndi maso kuchokera pamabowo kufika pakati. "Kachitsulo kapamwamba, kasanu ndi kamodzi. Kam'mbali, kanayi, chakumanja. Potokolani nokha, muzimva kulira kwake." Adokotala anapotokola, akuwerenga chapansipansi. Atawomberanso katatu, pakati pa pepala panabooka bowo limodzi lalikulu la makona atatu.

"Mfuti yanu ilibe vuto," anatero a Pakati, akuipereka ndi manja awiri. "Galasi lilibe vuto. Maulendo awiri aja ndinakusokonezerani ndine. Nkhunzi ija mlandu wake ndi wanga, mukawauze eni ake choncho."

"Aa, bambo, musatero. Taonani lero zatheka. Tizingochita chonchi, ife tiziwombera, inu muzitiwerengera."

"Mwayankhula bwino," anatero mkuluyo, mwa ulemu umene munthu amayankhira mawu a pamaliro. "Muyende bwino, adokotala."

Galimoto itakwera chitunda n'kuzimiririka, m'dzenje munatsala anthu awiri ndi fungo la wonga. A Pakati anakhalanso pampando. Anaika manja onse awiri patebulo, zikhatho pansi, n'kumawaonerera. Lamanja linkagunda thabwa pang'onopang'ono ngati munthu wogogoda pakhomo mwamanyazi. Kalipentala anayamba kutolera makatiriji opanda kanthu, kuti apeze poika maso.

"Anakutumani ndi mwana wanga?"

"Ayi, bambo. Ndinaganiza ndekha."

"Mabodza awiri dzuwa lisanafike pamutu. Ndipo onse osapala bwino." Anapumira m'mwamba. "Siyani zimenezo, khalani apa."

Panalibe mpando wina, choncho kalipentala anakhala pa chidutswa cha mwala, chapansi, monga ayenera kukhalira mkamwini.

"Mukuganiza kuti dzanja ili ndalidziwa lero? Ndi langa ili, ndimagona nalo. Koma munthu umanama, mkamwini, umadzinamiza wekha mpaka kukhulupirira. Ndinanamizira tebulo lakale. Ndinanamizira lachitsulo. Ndinanamizira diramu, mphepo, zipolopolo za masiku ano. Ndipo chilichonse chinali ndi kavuto kake ndithu, kokwanira kubisalamo. Kunyumba nako onse amandiopa, ndikagwetsa supuni amayang'ana kudenga." Anasisita thabwa ndi dzanja lamanzere. "Akalipentala m'tauni muno ndi ambiri, ena ali pafupi ndi shopu yanga. Ndikanapita kwa aliyense wa iwo, ndikanapeza ponamizira. Ndinabwera kwa inu chifukwa ndinadziwa kuti mukalipanga inu, pothawira sindidzapapeza."

Kalipentala anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Loyamba lija munandipatsa mpata, ndinakondwa ngati mwana. Lachitatu mpata panalibe, ndinachita mantha, ndinanamizira mchenga. Ndinapita kunyumba ndikudziwa kuti Loweruka ndidzanena zoona. Ndiye ndifike kuno, ndipeze inunso mwalowa gulu la oyang'ana kudenga." Anapukusa mutu. "Zinandipweteka kuposa pepala lija. Chinthu chotere simuchipundula chifukwa cha nkhalamba. Simudzachitanso."

"Sindidzachitanso, bambo."

"Chitseko munandikhomera chaka chimene munakwatira chija, mpaka lero sichinalirepo. Mumaganiza kuti sindiona?"

Ndiye awo anali mawu aja, zaka khumi ndi ziwiri. Kalipentala ankaganiza kuti tsiku lodzawamva adzathamangira kunyumba kukauza mkazi wake asanavule n'komwe ovolosi. Koma anangomva chisoni, chachikulu, chokhala pachifuwa ngati thabwa laliwisi. Akanalola kumva "chigwira ntchito" zaka zina khumi ndi ziwiri, mkuluyu akanakhala kuti akuphimbabe mabowo ake ndi chitsekerero cha botolo.

A Pakati analoza ndi chibwano kumapeto kwa dzenje, kumene mapepala awiri aja ankaoneka ngati timadontho toyera.

"Kandichotsereni langa lija, la mabowo awiri. Musalipinde. Ndikufuna ndikawaonetse amayi anu ndekha, asanamve kwa anthu."

Kalipentala anadzuka n'kuuyamba ulendo wa mamita zana uja. Anayenda pang'onopang'ono, ndipo anathokoza kuti njira yonseyo anali atawafulatira apongozi ake.